Msika wa m'Chilimwe ndi Ntchito ya Mlangizi wa Zaulimi

Kuyambira mwezi wa Ogasiti kufikira mvula yodzalira itagwa mu Novembala kapena Disembala, minda ya kumtunda m'Malawi, kum'mawa kwa Zambia ndi m'chigawo cha Tete ku Mozambique imakhala ili mbuu. Zokolola zimakhala zili m'nkhokwe ndi m'matumba, ziweto zimadya momasuka m'mapesi, ndipo achikumbi amakhala akusosa ndi kugalauza mizere pang'onopang'ono. Mlangizi amene anayesapo kuitanitsa msonkhano m'nyengo imeneyi akudziwa mmene zimakhalira. Kumudzi kumakhala zinamwali, maukwati, ziliza, kuumba njerwa ndi kufolera nyumba. Ndipo tsiku la msonkhano likangogundana ndi la msika, pabwalo pamafika nyakwawa ndi okalamba awiri kapena atatu basi. Alangizi ena amalemba m'malipoti awo kuti alimi alibe chidwi.

Komatu alimiwo sakhala atathawa ulimi. Amakhala ali kumsika, kumene akugulitsa za kudimba, kugula mankhwala a mbewu, kufunsana mitengo ndi kusankha mbewu yodzadzala mvula ikagwa. Kafukufuku amene Shawn McGuire ndi Louise Sperling anafalitsa mu 2016, wochokera m'maiko 6 kuphatikizapo Malawi ndi Zimbabwe, anasonyeza kuti magawo 90 pa 100 alionse a mbewu imene alimi ang'onoang'ono anadzala anachokera m'nkhokwe zawo, kwa anansi ndi kumisika, ndipo pafupifupi theka la mbewuyo linagulidwa pamisika ya kumudzi. Tanthauzo lake nlakuti gawo lalikulu la zimene zidzamera m'munda mu Disembala limasankhidwa pamphasa ya wogulitsa mu Okutobala, mlangizi kulibe.

Msika wa Lizulu

Msika wa Lizulu m'boma la Ntcheu ndi chitsanzo chabwino cha misika yotere. Uli m'mbali mwa msewu wa M1 pakati pa Dedza ndi Ntcheu, pamalo pamene msewuwo ndiwo malire a Malawi ndi Mozambique, kotero kuti munthu akangowoloka phula ndiye kuti ali kunja kwa dziko. Mbali zonse ziwiri kuli anthu a chiyankhulo chimodzi, okwatirana ndi olima mbewu zofanana. Dera limeneli ndi lokwera, lozizira ndiponso lili ndi madambo ambiri, nchifukwa chake m'chilimwe, pamene madera a kuchigwa auma, ku Lizulu kumapezeka phwetekere, kabichi, anyezi, karoti, mpiru, repu, zitheba, nsawawa ndi mbatata ya kachewere. Ogula ambiri ndi a malonda ochokera ku Lilongwe ndi ku Blantyre, amene amadzaza magalimoto nkukagulitsanso m'misika ya m'tauni. Zofanana ndi zimenezi zimaoneka ku Bembeke, ku Tsangano, ku Jenda m'boma la Mzimba, ndi m'misika yozungulira Chipata ndi Katete ku Zambia.

Katundu wa pamsika wotere samvera malire, ndipo tizirombo ndi matenda nazonso sizimvera. Dengu la phwetekere lothyoledwa m'dimba la ku Mozambique m'mawa likhoza kugona ku Limbe usiku womwewo. Mlangizi wa mbali imodzi ya msewu amene sadziwa zimene zikuchitika m'madimba a tsidya linalo amakhala akudziwa theka lokha la dera lake.

Phwetekere wochuluka nthawi imodzi

Choyamba kuoneka pamsika wa m'chilimwe ndi phwetekere, amene ena amati matimati. Amachuluka kwambiri kuyambira mu Ogasiti mpaka mu Okutobala, ndipo mtengo wake umagwa kufikira pena mlimi osabweza ngakhale ndalama ya ngolo imene inamunyamula. Chifukwa chake nchosavuta kuchitsata. Pafupifupi mlimi aliyense amafesa nazale akangomaliza kukolola chimanga, mu Meyi kapena Juni, poti mpamene manja amamasuka ndipo matenda a chiwawu amakhala atachepa chifukwa mvula yaleka. Mbande zimatha pafupifupi masabata 4 munazale, ndipo zikawokeredwa pamapita miyezi iwiri ndi theka kapena itatu kuti zipatso ziyambe kupsa. Onse akafesa pamodzi, onse amathyola pamodzi. Mu Januwale ndi Febuluwale zinthu zimatembenuka: mvula imabweretsa chiwawu, madimba ambiri amasefukira, ndipo phwetekere yemweyo amasowa ndi kukwera mtengo.

Wogula amadziwa kuti phwetekere wakupsa sabwerera kumudzi. Choncho amayendayenda m'mawa wonse osagula, kudikira kuti dzuwa lipendeke ndi kuti mlimi ayambe kuganiza za ulendo wobwerera. Mtengo wa madzulo ndi wa munthu amene alibe kwina kopita ndi katundu wake.

Malangizo odziwika ndi akuti alimi azifesa nazale mosiyanitsa, masabata awiri kapena atatu pakati pa nazale ina ndi inzake, kuti kuthyola kutalike. Malangizowa ndi oona, koma mlangizi ayenera kuwapereka akudziwa mtengo wake. Phwetekere wofesedwa mochedwa amafika pobereka mu Okutobala ndi Novembala, pamene zitsime za m'dambo zatsika, kutentha kukugwetsa maluwa, ndipo akangaude ofiira aswana pansi pa masamba. Mlimi wothirira ndi kheni, amene chitsime chake chimaphwa mu Seputembala, sangathe kutsata malangizo amenewa ngakhale atawamvetsa bwino. Iye angathandizidwe mwa njira ina: kuchepetsa malo a phwetekere nkuikapo anyezi, amene akaumitsidwa bwino amasungika kwa miyezi ingapo kudikira mtengo, kapena nyemba za kudimba. Kusiyanitsa nazale kumayenda bwino pamene kalabu yonse yagwirizana, ena kutsogola, ena amene ali ndi madzi okhalitsa kutsalira.

Mtundu wa mbewu nawo uli ndi gawo lake. Mitundu ya khungu lolimba monga Tengeru 97 ndi Tanya, imene inatulutsidwa ku Tanzania mu 1997 nkufalikira m'chigawo chino, imapirira ulendo ndi kukhalitsa kuposa Money Maker wakale. Phwetekere wopita kutali athyoledwe atangoyamba kusintha mtundu, m'mawa kusanatenthe, ndipo aikidwe pamthunzi. Madengu aatali amene amasanjikizidwa m'galimoto amaphwanya wapansi yense. Makireti osaya amateteza katundu, ngakhale kuti kuwagula ndi kuwabweza kumafuna mgwirizano wa gulu. Kusankhula, aakulu paokha ndi aang'ono paokha, sikufuna ndalama iliyonse, koma ndi alimi ochepa amene amachita. Wogula ndiye amakasankhula yekha kutauni nkudya phindu lake.

Mlangizi akatenga phwetekere mmodzi pamulu nkukweza kachipewa kobiriwira ka kuphata, kawirikawiri amapezapo kabowo kakang'ono kokhala ndi tizitosi takuda. Imeneyo ndi ntchito ya tuta, kagulugufe kochokera ku South America kamene kanafika ku Spain mu 2006, ku Tanzania mu 2014, ndipo pofika 2016 kanali katapezeka ku Zambia, Mozambique ndi South Africa. Mbozi zake zimalowa m'kati mwa tsamba nkumadya zili momwemo, kusiya zigamba zoyera, ndipo kenaka zimaboola chipatso. Kukatentha, mbadwo umodzi umatha pafupifupi mwezi umodzi wokha. Mulu wa phwetekere woola umene umatayidwa m'mphepete mwa msika ndi malo oswanirana kachiromboka, ndipo madengu obwerera kumudzi amakanyamula. Nkhani ya dzenje lokwiriramo zotayazi njoyenera kukambirana ndi woyang'anira msika chilimwe chisanafike pachimake.

Mankhwala a pamphasa

Chifukwa cha tuta ndi akangaude, alimi a kudimba amapopera kwambiri kuposa kale, ndipo mankhwala ambiri amawagula pamsika pomwepo. Pamphasa ya wogulitsa pamakhala mabotolo otsekedwa bwino okhala ndi malangizo, komanso pamakhala timabotolo ta zakumwa todzazidwa ndi madzi amtundu wachilendo, timapepala ta ufa topanda dzina, mibulu yofukizira chimanga m'matumba yogulitsidwa umodziumodzi, ndi tameki wophera makoswe. Zonsezi zimakhala padzuwa tsiku lonse, nthawi zina pafupi ndi mchere ndi usipa. M'Malawi malonda a mankhwalawa ali pansi pa lamulo la 2000 ndi bungwe la Pesticides Control Board. Ku Zambia amayang'aniridwa ndi ZEMA. Mlangizi si wapolisi, ndipo akayamba kulanda katundu wa anthu sadzalandiridwanso pamsikapo. Ntchito yake ndi kuthandiza wogula kuti adziwe chimene akugula, ndi kudziwitsa akuluakulu ake zimene waona.

Zinthu ziwiri nzofunika kuzibwereza kwa alimi mosatopa. Choyamba, pabotolo lililonse lovomerezeka pamalembedwa masiku oyenera kudikira kuchokera pa tsiku lopopera kufika pa tsiku lothyola. Mlimi amene wapopera Lachinayi nkuthyola Lachisanu kuti apeze msika wa Loweruka amagulitsa mankhwala pamodzi ndi ndiwo. Phwetekere wotuwa ndi ufa woyera pakhungu amasonyeza kuti anapoperedwa posachedwa. Ena amachita kumwaza mankhwala a chiwawu pa zipatso zothyola kale poganiza kuti zichedwa kuola, chizolowezi chimene chiyenera kutsutsidwa poyera. Chachiwiri, kupopera mankhwala amtundu umodzi sabata ndi sabata ndiko kumapangitsa tuta kuwazolowera. Maina a pabotolo akhoza kusiyana pamene mankhwala a m'kati ndi amodzimodzi, choncho mlangizi aphunzitse alimi kuyang'ana dzina la mankhwala enieniwo, lolembedwa ndi zilembo zing'onozing'ono pansi pa dzina la malonda.

Kachewere ndi mbewu yake

Kumapeto kwa mzere wa matumba a kachewere kumakhala milu ya timbatata tating'onoting'ono totsika mtengo. Timeneti ndito alimi ambiri amagula ngati mbewu. Vuto lake nlakuti mbatata yaing'ono nthawi zambiri imachokera ku phata lodwala, limene linalephera kukuza ana ake chifukwa cha mavairasi. Mlimi akachita zimenezi chaka ndi chaka amakhala akusankha matenda ndi manja ake, ndipo pomaliza amati mtunduwo watopa.

Choopsa kwambiri ndi matenda ofotetsa, amene amayenda ndi mbatata yooneka yabwinobwino nkukhala m'nthaka kwa zaka. Mlangizi atha kuwasonyeza pamsika ndi mpeni wokha. Mbatata yodwala kwambiri imakhala ndi dothi lomatirira m'maso mwake, ndipo ikadulidwa pakati imaonetsa mkombero wofiirira umene ukafinyidwa umatulutsa timadzi toyera ngati mafinya. Thunthu la phata lofota likadulidwa nkuviikidwa m'tambula ya madzi oyera, pakapita mphindi zochepa timaulusi toyera ngati mkaka timatsika m'madzimo. Alimi amene aona zimenezi ndi maso awo saiwala. Adziwitsidwenso kuti phwetekere, mabiringanya, tsabola ndi fodya zimagwidwa ndi matenda omwewa, kotero kuti kuchotsa kachewere nkuikapo phwetekere si kasinthasintha wa mbewu ayi.

Mitundu yatsopano monga Chuma, Thandizo, Zikomo ndi Mwai inatulutsidwa m'Malawi, koma mbewu yake yoyera siipezeka paliponse. Pamene palibe, njira yothandiza ndi yoti mlimi azike timitengo pa mapata athanzi mbewu isanachite maluwa, nkuzula kamtengo pa phata lililonse limene lafota pambuyo pake kapena loyandikana ndi lofota. Mapata otsalawo akumbidwe paokha ndipo mbewu ichokere pamenepo.

Chimanga chachiwisi cha kudimba chimagulidwa msanga m'chilimwe, chootcha kapena chophika, ndipo chimabweretsa ndalama kuposa chouma. Mlangizi asende chimodzi kapena ziwiri. Mbozi za ntchemberezandonda zachilendo, zimene zinafika m'chigawo chino kumapeto kwa 2016 ndi kuchititsa boma la Malawi kulengeza za ngozi m'maboma 20 mu Disembala 2017, sizigona m'nthaka kudikira mvula. Zimapulumukira m'chimanga cha kudimba. Zikachuluka m'zisononkho za pamsika mu Okutobala, minda yoyandikana ndi madambo iyenera kuyenderedwa msanga chimanga cha dzinja chikangomera.

Milu ya nyemba, mtedza ndi chimanga

Mbali ya msika imene ili ndi phokoso lochepa ndiyo imene ili ndi zambiri zokhudza chaka chamawa. Pano amayi amakhala pansi ndi milu ya nyemba, mtedza, khobwe, nandolo, nzama ndi soya. Kwa munthu wongodutsa zonsezi ndi ndiwo, koma wogula wina amafunsa dzina la mtundu, kumene zinalimidwa ndi mwezi umene zinakololedwa, amaluma njere imodzi, nkusankha mulu wosasakaniza ngakhale uli wokwererapo mtengo. Ameneyo akugula mbewu. Ogulitsa ena amadziwa zimenezi ndipo amapatula mitundu yawo mvula ikayandikira. Ogulitsa oterewa ndi anzake a mlangizi, chifukwa mtundu watsopano ukafika m'manja mwawo umafika kumidzi imene iye sangaifikire pa njinga.

Kwa nyemba, kugula pamsika si kulakwa. Nyemba sizisintha mtundu msanga, ndipo mitundu yofufuzidwa monga Napilira wa 1995, Kholophethe ndi NUA 45, amene ali ndi ayironi wochuluka, yayenda kwambiri kudzera m'misika yomweyi. Zoyenera kupewa ndi njere zamawanga achilendo, zofota, zosweka ndi zoboola anankafumbwe, poti matenda angapo a masamba ndi a makoko amayenda ndi njere. Nyemba zokololedwa kudimba m'chilimwe, kunja kuli kouma, kawirikawiri zimakhala zoyera kuposa za dzinja ndipo zimamera bwino popeza nzatsopano.

Mtedza umafuna kusamala kwina. Ukasendedwa umataya mphamvu yomera msanga, makamaka m'kutentha kwa Okutobala, choncho wa mbewu ugulidwe wamakoko ndi kusendedwa ndi manja kutatsala sabata imodzi kapena ziwiri kuti udzalidwe. Mlimi adziwenso chimene akugula: CG 7, amene anatulutsidwa ku Chitedze mu 1990, amabereka bwino koma sapirira matenda a khate, pamene Nsinjiro amapirira. Pa mtedza wosenda pali nkhani inanso. Anthu ena amawaza madzi pa makoko kuti afewe posenda, ena amanyowetsa mtedza kuti ulemere pasikelo. Chinyezi chimenecho, mtedzawo ukatsekeredwa m'thumba kunja kukutentha, chimameretsa chuku chimene chimatulutsa poizoni wa aflatoxin. Poizoniyu saoneka, satha ndi kukazinga kapena kuphika, amaononga chiwindi, ndipo ku Kenya mu 2004 anapha anthu 125 amene anadya chimanga chachuku. Chomvetsa chisoni nchakuti mtedza wabwino umapita kwa wogula, ndipo wofota ndi wachuku umene wasankhulidwa umabwerera kunyumba kukasinjidwa nsinjiro zothira m'phala la mwana. Pamsika umagulitsidwanso pamtengo wotsika kwa mabanja osauka. Mlangizi wa zakudya ndi wa mbewu ayenera kulankhula chimodzi pa nkhani imeneyi.

Chimanga ndicho chimasiyana ndi zinzake. Cha haibulidi chikadzalidwanso kachiwiri chimabereka mochepa ndi mosafanana, ndipo pamulu wa pamsika palibe angasiyanitse njere ya haibulidi wobwereza ndi ya mtundu wina. Mitundu ya kompoziti, monga ya maina oyamba ndi ZM, ingabwerezedwe kwa zaka ziwiri kapena zitatu ngati munda wake unali patali ndi chimanga china. Mvula ikayandikira pamatulukanso mbewu yachinyengo: chimanga wamba chopakidwa utoto wofiira kapena wobiriwira nkuikidwa m'mapaketi ofanana ndi a kampani. Mlimi amazindikira mu Januwale, nthawi yodzalanso itapita. Mbewu yovomerezeka imakhala ndi chizindikiro cha oyesa mbewu, chosonyeza dzina la mtundu, nambala ya gulu lake ndi nthawi imene inayesedwa. M'Malawi ntchito yoyesa mbewu yakhala ikuchitikira ku Chitedze, ndipo ku Zambia imachitidwa ndi SCCI ku Chilanga. Mlimi agule paketi yosatsegula kwa wogulitsa wokhazikika amene adzapezekanso mawa, alandire lisiti, ndipo asunge paketiyo kufikira chimanga chitamasula.

Chimanga chakudya nacho chimatuluka m'midzi m'nyengo yomweyi. Mabanja amagulitsa kuti apeze ndalama ya feteleza ndi ya sukulu, imene m'Malawi imatsegulidwa mu Seputembala, ndipo ena mwa iwo amadzagulanso chimanga chomwecho mu Febuluwale pamtengo wokwera. Kuwauza kuti asagulitse sikuthandiza ngati alibe china chogulitsa. Apa mpamene dimba, mbuzi ndi nkhuku zimatetezera nkhokwe.

Chimene sichipezeka pamsika

Msika umaphunzitsanso ndi zimene ukusowa. Mu Novembala mlimi akhoza kupeza njere zamtundu uliwonse, koma mbewu ya mbatata ya kholowa imasowa kapena imakwera mtengo. Zingwe za mbatata sizipirira miyezi 6 yopanda mvula, ndipo zotsala m'minda zimadyedwa ndi mbuzi ndi ng'ombe. Alimi ambiri amadikira kuti mbatata zotsalira m'nthaka ziphuke mvula itagwa, nkudzala mu Januwale kapena Febuluwale. Zokolola zimachepa, ndipo mbewuyo imabwera ndi anankafumbwe ndi mavairasi a chaka chatha. Vutoli ndi lakale. Chilala cha 1991/92 chitatha, ntchito yaikulu yochulukitsa mbewu ya mbatata ndi chinangwa inachitika m'chigawo chino, ndipo mtundu umene m'Malawi umatchedwa Kenya, ku Zambia Chingovwa, unafalikira kwambiri. Pambuyo pake panabwera mitundu yofiira m'kati, ya vitamini A, monga Zondeni mu 2008, ndi Kadyaubwerere, Anaakwanire, Chipika, Kaphulira ndi Mathuthu mu 2011. Mitundu ilipo, chimene chimavuta chaka chilichonse ndi kuoloka nayo chilimwe.

Mlimi wa dimba lotchingidwa ndi mpanda ali ndi mwayi wa malonda pamenepa. Bedi la zingwe lothiriridwa kuyambira mu Seputembala limakhala ndi ogula okonzeka mvula yoyamba ikagwa, ndipo katundu wake saola pa tsiku limodzi monga phwetekere. Kwa amene alibe madzi okwanira pali njira yosunga mbatata mumchenga, imene inayesedwa ku Tanzania ndi ku Uganda. Pokolola, mlimi amasankha mbatata zapakatikati, zopanda bala kapena nankafumbwe, zochokera ku mapata athanzi, nkuziika m'beseni mosanjikiza ndi mchenga wouma ndi wozizira, m'nyumba mopanda dzuwa. Amaziyang'ana mwezi ndi mwezi nkuchotsa zoola. Kutatsala masabata 6 mpaka 8 kuti mvula iyambe, amazikwirira pabedi laling'ono pafupi ndi nyumba nkumathirira kawiri pa sabata. Mvula ikafika amakhala ndi zingwe zake, zodula masentimita 30 kuchokera kunsonga.

Pali katundu wina amene salembedwa m'malipoti a zokolola, koma ndi amene amagwira mabanja ambiri m'nyengo imeneyi. Masau ndi malambe amachokera kuchigwa, masuku amayamba mu Okutobala, mapichesi amapsa m'mapiri a Dedza ndi Ntcheu, ndipo mango amayamba kunyanja ndi kuchigwa cha Shire asanafike kumtunda. Palinso mfutso wa nkhwani, chitambe ndi khwanya wosungidwa m'zikwatu, nzimbe, thobwa ndi mbewa. Ambiri ogulitsa zimenezi ndi amayi ndi ana, ndipo ndalama yake imagula mchere, sopo ndi makope. Masuku ambiri amagwetsedwa osapsa pomenya mtengo ndi mwala, nkuvundikidwa. Mtengo umavulala ndipo chipatso sichitsekemera. Akatswiri a ICRAF pa Makoka ku Zomba anayamba m'zaka za m'ma 1990 kusankha ndi kumezanitsa mitengo ya masuku okoma, ndipo mlangizi amene waona masuku aakulu ndi otsekemera pamsika angachite bwino kufunsa kumene kuli mtengo wake usanasanduke makala.

Zochita mlangizi pa tsiku la msika

Chida choyamba ndi kabuku. Pa tsiku lililonse la msika mlangizi alembe mtengo wa zinthu zisanu kapena zisanu ndi chimodzi zofunika m'dera lake, m'mawa ndi madzulo, pamodzi ndi kumene katunduyo wachokera. Chovuta ndi miyeso. Pamsika sagulitsa pa kilogalamu koma pa mulu, mbale, beseni, ndowa, dengu ndi thumba losokerera pamwamba, ndipo ndowa ya wogula si yofanana ndi ya wogulitsa: ina inamenyedwa pansi kuti izame, ina kuti ikwere. Pamwamba pake pamabwera banyira, imene ku Zambia amati mbasela. Mtengo wa mulu ukhoza kukhala womwewo mwezi wathunthu pamene muluwo ukuchepa. Choncho mlangizi ayende ndi kasikelo ka m'manja, ayeze milu itatu, ndipo alembe mtengo wa kilogalamu. Masikelo a ogula mbewu amayenera kukhala oyesedwa ndi boma, ntchito imene m'Malawi ili m'manja mwa Malawi Bureau of Standards, ndipo kalabu imene ili ndi sikelo yakeyake imapita kumsika ikudziwa kulemera kwa katundu wake. Manambala a chilimwe chimodzi amadzagwira ntchito mu Epulo ndi Meyi, pamene makalabu a kudimba akukambirana zofesa. Mlimi amatsutsa mawu a mlangizi mosavuta, koma mitengo ya pamsika wake womwe saitsutsa.

Chida chachiwiri ndi tebulo pamthunzi. Pulogalamu ya Plantwise ya bungwe la CABI, imene inayamba m'Malawi ndi ku Zambia mu 2013, inasonyeza kuti alimi amabwera ndi mbewu zawo zodwala ngati akudziwa kuti pamalo akutiakuti, tsiku lakutilakuti, apezapo munthu wowathandiza. Zipatala za mbewu zambiri zinkakhala pamisika pa chifukwa chomwechi. Chinsinsi chake ndi kusaphonya: malo amodzi, nthawi imodzi, msika uliwonse. Mlangizi ayambe wapempha chilolezo kwa woyang'anira msika ndi kudziwitsa mfumu ya deralo, asagulitse kanthu kalikonse patebulopo, ndipo asaloze wogulitsa mmodzi yekha kuti ndiye wa mankhwala abwino. Nthawi yabwino ndi chakumasana, alimi atagulitsa koma asanagule; m'mamawa palibe amene angasiye dengu lake kuti amve za mbozi. Nkhani ikhale imodzi pa tsiku, ya mphindi zochepa, yobwerezedwa kwa gulu lililonse lodutsa, ndipo ikhale ndi chinthu chogwirika m'manja: mbatata yodula, tsamba la tuta, paketi yeniyeni pambali pa yachinyengo. Tebulo likhale kufupi ndi mizere ya amayi, pakuti iwo sangachoke pa malonda awo kupita kutali.

Kulawitsa zakudya kumakopa anthu kuposa chithunzi chilichonse. Futali wa mbatata yofiira kapena mandasi osakaniza ndi mbatatayo amathetsa msanga mphekesera yakuti mitundu yatsopano njamadzimadzi. Koma chakudya cha pagulu chimafuna madzi otetezedwa, sopo ndi mbale zoyera. Mliri wa kolera umene unayamba m'Malawi mu Malichi 2022 sunaleke m'chilimwe monga zinkakhalira kale, ndipo unapha anthu oposa 1,700. Mlangizi agwirizane ndi wazaumoyo wa m'deralo asanayatse moto, ndipo onse awiri aonenso madzi amene ogulitsa amawaza pa ndiwo zamasamba kuti zisafote, chifukwa ena amatunga m'ngalande.

Pa misika itatu kapena inayi yotsiriza mvula isanagwe, chionetsero choposa zonse ndi cha kameredwe ka mbewu. Mlangizi agule pang'ono nyemba, mtedza, soya ndi chimanga kuchokera pa milu yosiyanasiyana, awerenge njere 100 pa mulu uliwonse popanda kusankha, nkuzifesa m'mizere 10 ya njere 10 m'thireyi ya mchenga wonyowa. Pakapita masiku 7 mpaka 10 abwere ndi mathireyiwo patebulo kuti alimi awerenge okha zimene zamera. Zikamera zoposa 80, mbewuyo njabwino. Zikakhala pakati pa 60 ndi 80, mlimi awonjezere njere podzala. Zikachepera pamenepo, afune ina nthawi ikadalipo. Soya ndiye amadabwitsa anthu kawirikawiri, poti amaoneka wabwino pamaso koma atafa kale ndi kutentha. Pamathireyi palembedwe manambala, osati maina a ogulitsa. Wogulitsa amene mbewu yake yalephera auzidwe payekha, ndipo amene yake yamera bwino apatsidwe thireyi yake kuti aiike pambali pa mulu wake.